Kayezedwe ka Kuwala kwa Pulojekita Yatsopano

Injiniya wa magalasi akamaliza kulumikiza pulojekita yatsopano sadalira maso ake okha, chifukwa diso limazolowera msanga kuwala kulikonse. Yambani ndi kuzimitsa magetsi m'chipinda ndi kutchinga mazenera, kenako muyatse makinawo n'kuwasiya kwa kanthawi kuti kuwala kukhazikike.

Onetsani chithunzi choyera chokhachokha, muchigawe m'zigawo 9 zofanana, ndipo muike kachipangizo koyezera kuwala pakati pa chigawo chilichonse. Phatikizani manambala onse a lux (muyeso wa kuwala umene kachipangizoko kakuonetsa), muwagawe ndi 9, kenako muchulukitse ndi kukula kwa chithunzicho m'masikweya mita. Chimene mwapeza ndicho chimatchedwa ANSI lumens. Mukaona kuti m'makona muli mdima kuposa pakati, musathamangire kusintha nyali, pakuti vuto likhoza kukhala pa magalasi amene sanakhale bwino m'malo mwake.

Makina a DLP, mtundu wa pulojekita wogwiritsa ntchito timagalasi ting'onoting'ono tobweza kuwala, amafuna kusamala kwambiri. Kachipangizo ka m'kati mwake, kamene Larry Hornbeck wa ku kampani ya Texas Instruments anatulukira mu 1987, kamatha kukhala ndi timagalasi toposa 2 miliyoni, moti kafumbi kamodzi kakagwerapo kamaoneka pakhoma ngati banga. Valani magolovesi musanatsegule chivundikiro.