Momwe mungatulutsire ndi kuzindikira mankhwala a m'masamba a periwinkle

Kachitsamba kamaluwa apinki kapena oyera kamene ambiri timabzala pakhomo, kaja kosamva chilala, pa Chingerezi ndi periwinkle, dzina lake la sayansi ndi Catharanthus roseus ndipo kwawo ndi ku Madagascar. M'masamba ake muli ma alkaloid, mtundu wa makemikolo achilengedwe opangidwa ndi zomera, oposa 100. Awiri mwa iwo, vinblastine ndi vincristine, ndi mankhwala a khansa. Vincristine ali m'gulu la mankhwala othandizira ana odwala leukemia (khansa ya m'magazi) ndi Burkitt lymphoma, khansa yofala mwa ana kuno ku Malawi. Ntchitoyi ndi ya mu labotale. Kufulula masambawa ngati tiyi n'kudzipatsa poizoni.

Yambani ndi kutsimikiza kuti chomera mwatolacho ndi chomwecho. Tengani nthambi yokhala ndi maluwa, muiumitse papepala, mulembe malo ndi tsiku, mupite nayo ku National Herbarium, malo osungirako zitsanzo za zomera ku Zomba. Ophunzira ambiri amalumpha apa, koma zotsatira zopanda chitsanzo chosungidwa palibe angazibwereze.

Masamba yanikani pamthunzi, osati padzuwa, mpaka azithetheka mukawafinya. Sinjani, munyike ufawo mu methanol kwa masiku awiri kapena atatu, muzitakasa. Sefani, zamadzizo muziumitse ndi rotary evaporator (makina ouluzira methanol) kutentha kusapose madigiri 40. Methanol amachititsa munthu kusaona, ndiye valani magolovesi ndi magalasi, mugwirire ntchito mu fume hood, kabati yokoka mpweya woipa.

Chotsala m'botolo ndi phala lobiriwira mwakuda, lomata ngati phula. Luso lenileni lili apa. Ma alkaloid akakumana ndi asidi amasanduka mchere wosungunuka m'madzi, choncho sungunulani phalalo m'madzi a tartaric acid wochepa mphamvu, mukhutchumule ndi hexane mu separating funnel, botolo lolekanitsira zamadzi zosasakanikirana. Mafuta ndi zobiriwira zikwera ndi hexane pamwamba, zimenezo ikani padera. Madzi apansiwo donthezeranimo ammonia mpaka pH ifike cha pa 9, muthiremo dichloromethane. Tsopano ma alkaloid achoka m'madzi n'kulowa mu dichloromethane, yemwe ndi wolemera ndipo amakhala pansi. Samalani pamenepa, wozolowera kutaya zapansi amataya ntchito ya sabata yonse. Ndipo musataye chilichonse musanayeze.

Poyeza, donthezani pang'ono pa mbale ya TLC ya silica (yolekanitsira makemikolo kukhala madontho), muiyendetse mu solvent (zamadzi zosungunulira), muipopere Dragendorff's reagent, mankhwala ozindikirira ma alkaloid. Madontho a olenji akusonyeza kuti ma alkaloid alimo, basi. Sakukuuzani kuti ndi ati. Madontho akuluakuluwo nthawi zambiri ndi ma alkaloid ena, vindoline ndi catharanthine, chifukwa vinblastine ndi wochepa kwambiri: galamu imodzi imafuna masamba ouma pafupifupi makilogalamu 500. Kuti mutchule dzina molimba mtima pafunika HPLC (makina olekanitsa makemikolo), kufananiza ndi mankhwala enieni ogula, kenako mass spectrometry (kuyeza kulemera kwa molekyulu), pomwe vinblastine amalemera cha pa 811 ndipo vincristine cha pa 825. Chikapezeka chosadziwika, makina a NMR ndiwo aonetse kapangidwe ka molekyulu yake.

Chatsala n'kuyesa zomwe gawo lililonse la zomwe mwatulutsazo limachita pa maselo, ndipo lembani zonse, ngakhale zomwe simumazifuna. Robert Noble wa ku University of Western Ontario ku Canada ankafufuza chomerachi atamva kuti ku Jamaica amamwera matenda a shuga. Atabaya makoswe, shuga sanatsike. Chomwe chinatsika ndi maselo oyera a magazi. Iye ndi Charles Beer anatsata chizindikiro chimenecho, kugawa ndi kuyesa gawo ndi gawo, mpaka anapatula vinblastine mu 1958.