Mapesi si zinyalala, lekani kuwotcha minda

Sabata yathayi ndinapalasa njinga kuzungulira midzi itatu ya m'dera langa, ndipo pofika kunyumba malaya anga ankangonunkha utsi. Minda yakuda bii, phulusa lokhalokha. Chomwe chandipweteka mtima kwambiri n'chakuti ina mwa mindayi ndi ya alimi otsogola amene tinali nawo kumaphunziro a ulimi wa mleranthaka chimanga chitangokololedwa. Tinagona masiku anayi kumalo ophunzitsira alimi kuja. Tinagwada limodzi pamunda wachitsanzo, n'kufukula mapesi ndi manja athu, ndipo pansi pake dothi linali lozizira, lofewa, la nyongolotsi, pomwe mvula inali itasiya kale. Aliyense anavomera ndi mutu. Lero anthu omwewo ndi amene atenga machesi.

Mukuwotcha chiyani kodi? Fetereza amene munagula movutikira chaka chatha sanathere m'chitsononkho ayi. Chakudya china chinatsalira m'mapesi ndi m'masamba, kudikira kuti chiwole chibwerere m'nthaka. Moto ukadutsa, nayitirojeni ndi salufa, zomwe mumazifuna m'thumba la NPK ndi Urea, zimapita kumwamba ndi utsi. Ena amati phulusa ndi manyowa. Muli potashi pang'ono, inde, koma kamvuluvulu wa mu October amaliulutsa mvula isanabwere.

Vuto lalikulu ndi nthaka yotsala yambulanda ija. Imapsa ndi dzuwa miyezi iwiri, kenako chizimalupsa chimaimenya popanda chotchinga. Pamwamba pamauma gwa ngati pabwalo, madzi osalowa, amangothamanga ndi dothi lachonde kupita kumtsinje. Kafukufuku amene boma linachita ndi FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya dothi lokwana matani 29 pa hekitala iliyonse pachaka. Dothi limenelo ndi la minda yathu yomweyi. Kwa ife amene mitsinje yathu imathira mu Shire, ndi lomwelo limakadzaza madamu a magetsi ku Nkula ndi ku Kapichira.

Ndatopa nawo mawu akuti makolo athu ankawotcha koma ankakolola. Makolo anali ndi malo. Munda ukaguga ankaugoneka zaka n'kukatsegula mphanje kwina. Inu muli ndi ekala imodzi kapena ziwiri, mumalimapo chimanga chaka ndi chaka, ndipo pomwepo ana anu adzagawana. Zakuti munda wosesa mbee ndiye wa mlimi wakhama tizisiye. Nanga chiswe chimene ena amati chimabwera ndi mapesi? Chikapeza mapesi chimatanganidwa nawo. Mukachilanda mapesiwo, kukachita ng'amba chimayamba kugwetsa chimanga chanu chomwe.

Pali mayi wina wamasiye m'dera langa amene sanapite n'komwe kumaphunziroko, anangoonera kwa mnzake. Chaka chatha anayala mapesi munda wonse, koma anyamata osaka mbewa anaponya moto ndipo theka linapsa. Anabzala mbewu imodzi, tsiku limodzi, fetereza wofanana. Mvula itadula mu January anatuma mdzukulu wake kudzandiitana. Dzuwa lisanafike paliwombo, chimanga cha kumene kunapsa chinali chitapota masamba ngati anyezi, pomwe cha m'mapesi chili chiriri, chobiriwira. Anandigwira dzanja n'kundilowetsa chala pansi pa mapesi kuti ndimve ndekha chinyontho. Malire a moto uja ankaonekabe mpaka nthawi yokolola. Chaka chino mayiwo ndiwo anayamba kupita kwa amfumu kukadandaula za moto wa mbewa.

Akuti tikuwotcha kuti tiphe kapuchi, ndakumvani. Koma mapesi mukawadula n'kuwagoneka pansi dzuwa liwawombe, mbozi zambiri zimafa. Zotsalazo muzigonjetse ndi kasinthasintha: pomwe panali chimanga pabwere soya, mtedza kapena nandolo.

Amene simunawotche, yalani mapesi tsopano kuti dothi lisamaonekere, ndipo lambulani m'mbali mwa munda moto usalowe. Khalani pansi ndi amfumu mugwirizane za osaka mbewa ndi ziweto zongotayirira. Amene mwawotcha kale, kamweteni udzu wopanda njere muphimbire ngakhale ndime yochepa, muthirepo kompositi kapena manyowa a khola, ndipo bzalani vetiva pa akalozera mvula ikayamba. Misangu yomera yokha m'munda musadule. Mitengo ya thonje ndi fodya yokha ndiyo muzule n'kuiwononga monga mwa malamulo, chifukwa imasunga tizilombo ndi matenda.