Kusonkhera kampeni ya kumudzi tili ku Joni: zoyenera kulemba ndi zoyenera kukana

Gulu la pa WhatsApp likatsegulidwa loti tisonkhere munthu amene akufuna kukaimira uphungu kumudzi, musathamangire kuponya nambala ya akaunti. Yambani mwasankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo mwa atatuwa musakhale mkazi, mchimwene kapena mlamu wa woimirayo. Ndalama zisamalowe mu akaunti ya munthu mmodzi. Mabanki akuluakulu kuno ali ndi maakaunti a stokvel omwe ndalama sizituluka popanda anthu awiri kapena atatu kusaina. Osainawo akhale anthu omwe mapepala awo ali bwino.

Mlembi akhale ndi kaundula mmodzi, ndipo pa chopereka chilichonse alembe tsiku, dzina la munthu monga lilili pa pasipoti, kuchuluka kwa ndalama, komanso ntchito kapena bizinesi imene munthuyo amachita. Chomalizachi ambiri amachidumpha, koma ndi chimene chidzakuthandizeni kutsogolo kuno. Zopereka zosakhala ndalama nazo zilembedwe pa mtengo wake wa pamsika: malaya a chipani omwe wina wasindikizitsa ku Fordsburg, zinkuzamawu zogula ku Dragon City, galimoto yobwereketsa miyezi iwiri, ngakhale transipota amene wanyamula katunduyo ulere mpaka ku Mangochi. Ulerewo uli ndi mtengo wake, ulembeni.

Lamulo la zipani za ndale la 2018 ku Malawi limati chopereka chofika K1 miliyoni kuchokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni kuchokera ku bungwe, chiyenera kuululidwa kwa Mlembi wa zipani za ndale pasanathe masiku 90. Kwa ife a ku Joni malirewa ndi otsika kwambiri: pa mtengo wa kubanki K1 miliyoni ndi pafupifupi R10,000, ndalama imene gulu la anthu makumi awiri lingaipeze m'mwezi umodzi. Ndalama zikamapita ku chipani, tumizani limodzi ndi kalata yopita kwa mlembi wamkulu wa chipanicho yonena kuchuluka kwake ndi kumene zachokera, musunge kope lake. Ndipo musalole chinyengo chija chogawa chopereka chachikulu cha munthu mmodzi m'maina a abale ake asanu kuti pasaoneke wodutsa malire. Tsiku la mafunso, amene dzina lake linabwerekedwa ndiye adzasowe choyankha.

Potumiza, dutsani kubanki kapena ku makampani ovomerezeka monga Mukuru, musunge lisiti lililonse. Kupatsira dalaivala wa basi envelopu, kapena kusintha randi kwa anyamata a mumsewu chifukwa mtengo wawo ndi wokoma, kumafufuta umboni wonse. Zikafika zoperewera simungaloze munthu, ndipo woimirayo angathe kunena kuti sanalandire kanthu.

Pamene pamagona nkhani ndi pa munthu amene wapereka zambiri. Kumbukirani za 2018, pamene zinadziwika kuti K145 miliyoni yochokera ku kampani imene inali ndi kontrakiti yoperekera chakudya ku polisi inalowa mu akaunti ya chipani cha DPP, chipanicho n'kulengeza kuti chibweza. Chimene chinakwiyitsa anthu si kukula kwa ndalamayo kokha, koma kuti woperekayo anali kudya nawo za boma lomwelo. M'magulu athu zimachitika chimodzimodzi, kungoti pang'onopang'ono. Wogulitsa magalimoto amapereka R30,000 ali ndi maso pa mwayi wa aphungu wolowetsa galimoto osalipira msonkho. Kontrakita amagulira kampeni mafuta akuyembekeza kudzamanga milatho ya ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. Wina amangofuna kuti phungu adzamuimbire foni katundu wake akagwidwa ndi a MRA pa Mwanza kapena pa Dedza. Palibe mmodzi wa anthuwa amene anganene zimenezi pagulu. Onse amati akukonda kwawo.

Ndiye chitani izi musanalandire. Aliyense wopereka zoposa mlingo umene gulu lagwirizana, tinene R5,000, afunsidwe mafunso atatu pamaso pa komiti: Kodi inuyo, akazi anu kapena kampani yanu muli ndi kontrakiti ndi boma kapena ndi khonsolo ya kwathu? Kodi mukufuna kudzapikisana nawo pa tenda ya kumeneko? Kodi muli ndi mlandu wa msonkho kapena wa malo umene phungu angaulowerere? Mayankho alembedwe, asaine. Woyankha kuti inde, ndi bwino kumubwezera ndalama zake mwaulemu. Ngati gulu laona kuti lilandirebe, woimirayo alembe kalata yoti sadzakhala nawo pa zokambirana zilizonse zokhudza bizinesi ya munthuyo. Kunena zoona, njira yachiwiriyi ndi yofooka, chifukwa phungu safunika kukhala m'chipinda kuti mawu ake amveke.

Ikaninso malire akuti munthu mmodzi asapereke zoposa gawo limodzi mwa magawo asanu a thumba lonse. Akapitirira pamenepo, kampeni yasanduka yake, ena nonse mwangokhala operekeza.

Funsaninso mosabisa kuti: bambo, iyi ndi mphatso kapena ngongole? Ngati ndi ngongole, palembedwe tsiku lobweza ndi chiwongoladzanja chake. Ngongole ya pakamwa ndi imene imadzabwezedwa ndi tenda. Woimirayo akapambana, lamulo la 2013 limamukakamiza kulembetsa chuma chake, ngongole zake ndi mabizinesi ake pasanathe miyezi itatu atalowa pa udindo, ndipo ngongole ya kwa munthu wa ku Joni iyenera kuoneka pamenepo.

Za kagwiritsidwe ntchito, lamulo lomwe lija la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena mphatso pofuna kukopa mavoti, ndipo chilango chake chimafika K10 miliyoni ndi zaka zisanu kundende. Nsalu ndi malaya a chipani, mapositala, ndi ndalama zoyendera anthu obwera ku msonkhano wa chipani siziwerengedwa m'gulu loletsedwalo. Matumba a shuga ndi maenvelopu a kwa mafumu usiku woti mawa kuvota, gulu lisalipirire. Muzitumiza ndalama m'zigawo, ndipo chigawo chachiwiri chizipita pokhapokha malisiti a choyamba afika.

Mbali ina ndi ya kuno komwe tikukhala. Nthawi ya zisankho za makhansala, woimira wodi angabwere pa shopu yanu ku Mayfair kapena ku Yeoville kudzapempha thandizo. Lamulo la South Africa la ndalama za zipani, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 April 2021, limaletsa zipani kulandira zopereka kwa munthu yemwe si nzika kapena alibe chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Ngati muli pa chitupa cha ntchito kapena cha sukulu, yankho lanu ndi limenelo, ndipo limakupulumutsani osakangana ndi munthu. Amene muli ndi ufulu wopereka, dziwani kuti zopereka zikuluzikulu zimaululidwa ku IEC, bungwe loyendetsa zisankho kuno, lomwe limasindikiza maina miyezi itatu iliyonse, komanso kuti khansala saloledwa kupatsidwa tenda ndi khonsolo. Akakulonjezani kuti mudzachitira limodzi bizinesi ya City of Johannesburg akapambana, akukuitanirani mlandu.

Chisankho chikatha, komiti ipereke lipoti pasanathe mwezi: zolowa, zotuluka, zotsala. Za zotsalazo mugwirizane pa tsiku loyamba lomwe, kaya zidzabwezedwa molingana ndi zimene aliyense anapereka, kaya zidzapita ku thumba la maliro la gulu, ndipo mulembenso chomwe chidzachitike munthu wanuyo akagwa pa mapulaimale n'kuganiza zoima payekha kapena kulowa chipani china.