Renikoti yopanda mikono: tchenani ndithu ngakhale kukugwa mvula

Kuno ku Dedza mvula ikayamba mu Disembala, kapena chiperoni cha mu Juni chikagwira, ambulera sathandiza kwenikweni chifukwa cha mphepo. Gulani renikoti yopanda mikono, yongoponya pamapewa, yokhala ndi chipewa chake. Jekete yanu sikhwinyata, chikwama chimabisala mkati, ndipo mpweya umalowa pansi, choncho simuchita thukuta.

Posankha pa kaunjika, iyang'anitseni padzuwa: pomwe pakudutsa kuwala mpomwe padzalowere madzi. Onaninso misoko ya m'khosi, yambiri imayambira pamenepo kudontha. Ilekezere m'mawondo basi, yaitali imakolopa matope. Mtundu ukhale umodzi, wakuda kapena wobiriwira, kuti chitenje kapena thalauza lioneke bwino pansi pake.

Telala akuikireni mabatani awiri mbali iliyonse, m'munsi mwa khwapa, apo ayi mphepo ya ku Lizulu idzakuvulani anthu akuona. Pa kabaza ikhalireni, chifukwa mpendero wolendewera umakodwa m'masipoko.

Musaisite, imasungunuka. Ipukuteni ndi kansalu konyowa n'kuiyanika pamthunzi. Mukaipinda isanaume imachita chuku n'kuyamba kununkha.