Kafanizidwe ka Romeo and Juliet ndi nthano ya agulugufe ya ku China

Aphunzitsi anzanga ndi inu a magulu a zisudzo kuno ku Mulanje, mukafuna kuika nkhani ziwirizi pamodzi musayambire poti onse anafa chifukwa cha chikondi ayi, zimenezo ngakhale mwana wa Fomu 1 anena. Yambani mwafotokoza ya ku China bwinobwino poti ya Shakespeare ija ambirife tikuidziwa kale.

Zhu Yingtai ndi mtsikana wa m'banja lolemera m'nthawi ya ufumu wa Eastern Jin, womwe unalipo kuyambira 317 mpaka 420. Atsikana sankaloledwa sukulu ndiye iye anavala ngati mnyamata nkupita kukaphunzira ku Hangzhou, komwe anakhala zaka zitatu ndi Liang Shanbo, mnyamata wosauka, osadziwa Liang yo kuti mnzakeyo ndi mkazi. Tsiku lobwerera kwawo Liang anamuperekeza ulendo wautali, Zhu akumuponyera mawu ophiphiritsa, kumulozera abakha awiri pamadzi kuti taona mwamuna ndi mkazi wake, koma mnyamata osatolapo kanthu. Pomadzazindikira nkuti makolo atalonjeza kale mtsikanayo kwa Ma Wencai, mwana wa anthu achuma. Liang anadwala ndi chisoni nkumwalira. Tsiku laukwati gulu likudutsa pamanda ake kunabuka chimphepo, manda anatseguka, Zhu nkudziponyamo, kenako munatuluka agulugufe awiri.

Mukatero awerengetseni ana masiku. Ku Verona, mzinda wa Romeo ndi Juliet, zonse zikuchitika sabata isanathe, akumana paphwando Lamulungu usiku, Lolemba akwatirana mobisa, sabata yomweyo onse afa, ndipo Juliet yo sanakwanitse nkomwe zaka 14. Kwa Liang ndi Zhu chikondi chakula zaka zitatu pa desiki imodzi. Afunseni kuti ndi chiti chikuwamvetsa chisoni kwambiri, asiyeni akangane, musawapatse yankho.

Funso lenileni ndi ili, ndani ali ndi mphamvu yokana ukwati? Apa ndi pomwe ife a kuno tili ndi mwayi chifukwa timadziwa kuti banja silimangidwa ndi anthu awiri okha, pamakhala ankhoswe, amalume akati ayi ndi ayi basi, mkamwini amabwera kudzakhala pamudzi pa mkazi aliyense akumuona. Ndiye auzeni ana afufuze wolowa m'malo mwa amalume mu nkhani iliyonse. Apeza kuti ndi bambo konse kuwiri, a Capulet akukakamiza Juliet kwa Paris, bambo a Zhu akukakamiza Ma Wencai. Koma onetsetsani zomwe anawo akuchita. Romeo ndi Juliet akuzembera makolo, wansembe Friar Laurence akuwadalitsa mwachinsinsi ngati nkhoswe yodziika yokha. Zhu sakuthawa. Akukwera ndithu ulendo wa ukwati monga amuuzira, mawu a bambo ake sakuwaphwanya ali moyo, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pomwe nkhani yakeyi imabaya mtima kuposa inayo.

Kenako onani chimene chapha anthu. Kwa Shakespeare muli tsoka lambiri, kalata yopita kwa Romeo ku Mantua yomuuza kuti Juliet sanafe sinafike chifukwa Friar John yemwe anaitenga anatsekeredwa m'nyumba poopa mliri, Juliet akanadzuka msanga pang'ono bwenzi onse ali moyo. Kwa Liang ndi Zhu mulibe kalata yosochera, ngakhale zonse zikanayenda bwino umphawi wa Liang ukanawalekanitsabe.

Mathero musawathamangire. A Montague, bambo a Romeo, ndi a Capulet akugwirana chanza pamanda, akulonjeza ziboliboli zagolide, mzinda wapeza mtendere. Ku China dziko silinasinthe kalikonse, awiriwo akumana atasiya kukhala anthu.

Ngati nthawi ilipo onjezerani nkhani ina ya ku China, Dream of the Red Chamber ya Cao Xueqin ya m'zaka za m'ma 1700, momwe Jia Baoyu akumupusitsa kuti akukwatira Lin Daiyu pomwe wophimbidwa kumasoyo ndi Xue Baochai, Daiyu akumwalira nthawi yomweyo. Ndipo a zisudzo, sakani pa YouTube nyimbo ya nthano ya Liang ndi Zhu, Butterfly Lovers Violin Concerto ya He Zhanhao ndi Chen Gang ya 1959, dawunilodani muli pa netiweki yabwino ku Chitakale, mudzaiike pa sipika pochita gawo la pamanda lija.