Momwe mungathetsere kontirakiti ya intaneti ya m'nyumba ku South Africa nthawi yake isanakwane

Ambiri mwa ife amene tikukhala ku Johannesburg timasamukasamuka chifukwa cha ntchito, kukwera kwa lendi kapena kubwerera kumudzi, ndipo nthawi zambiri kontirakiti ya fibre, intaneti yobwera pa waya mpaka m'nyumba, imakhala isanathe. Ine ndasiyapo makampani awiri, ndipo yoyambayo inandidyera ndalama zimene sindinayenera kulipira.

Choyamba, werengani kontirakiti yanu kuti mudziwe ngati ndi ya mwezi ndi mwezi kapena ya nthawi yoikika, monga miyezi 12 kapena 24. Ikakhala ya nthawi yoikika, gawo 14 la lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limakulolani kuithetsa nthawi iliyonse, bola mudziwitse kampaniyo kutatsala masiku 20 ogwira ntchito. Kampaniyo ili ndi ufulu wokulipiritsani chindapusa, koma chiyenera kukhala choyenerera, osati chachikulu mpaka kukulepheretsani kuchoka. Ya mwezi ndi mwezi nayonso ili ndi msampha wake, chifukwa rauta (kachipangizo kogawa Wi-Fi m'nyumba) ndi kulumikiza zimene anati n'zaulere zija zimasanduka ngongole mukachoka musanathe nthawi imene anaika, kawirikawiri miyezi 12.

Chachiwiri ndi kupereka chidziwitsocho, ndipo apa m'pamene ine ndinapsa. Ndinaimba foni ndili m'takisi, mayi amene anandiyankha anati zonse zatheka, ndipo ndinadula foni osafunsa nambala ya nkhaniyo. Patapita miyezi iwiri, ndili kale m'nyumba ina, ndinaona pa sitetimenti ya kubanki kuti ankadulabe ndalama mwezi uliwonse. Nditawafunsa anati m'kompyuta mwawo mulibe chosonyeza kuti ndinaimbapo, ndipo ine ndinalibe umboni uliwonse kupatula mawu apakamwa. Choncho lembani imelo, muikemo nambala ya akaunti yanu, adiresi ya nyumba ndi tsiku lenileni limene mukufuna kuti intaneti idulidwe, ndipo musakhale pansi mpaka atakuyankhani ndi nambala yotsimikizira. Mu imelo yomweyo apempheni kuti akulembereni mwatsatanetsatane mmene awerengera chindapusacho, popeza ndalama imene yalembedwa papepala ndi imene mungathe kuitsutsa.

Powerenga masiku 20 aja musaphatikize Loweruka, Lamlungu ndi masiku atchuthi. Amene mukufuna kukadyera Khirisimasi ku Malawi kumbukirani kuti pa 16, 25 ndi 26 Disembala ndi tchuthi, ndiponso makampani ambiri a mwezi ndi mwezi amafuna chidziwitso cha mwezi wathunthu wa pakalendala, moti mukalemba pa 3 Novembala mudzalipira Disembala yense.

Ena amalangiza kungoimitsa debit order (chilolezo choti kampani izidula ndalama mu akaunti yanu) kubanki n'kusowa. Njira imeneyi imaoneka yachidule, koma ngongoleyo siifa, ndipo dzina lanu likhoza kukathera ku credit bureau, bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu, zomwe zidzakuvutitsani pofuna nyumba ina ya lendi. Chenjeraninso ndi anthu a pa Facebook ndi WhatsApp amene amalonjeza kupitiriza kontirakiti yanu kapena kugula rautayo motchipa, chifukwa akaleka kulipira, dzina limene lili m'mabuku a kampani ndi lanu. Ngati wolowa m'nyumbayo akufunadi intanetiyo, funsani kampani ngati ingasinthe dzina mwalamulo.

Potuluka m'nyumba, kabokosi ka pakhoma kamene waya wa fibre amaloweramo, kotchedwa ONT, kasiyeni pomwepo pamodzi ndi chingwe chake chamagetsi, chifukwa n'ka eni mawaya monga Vumatel kapena Openserve. Rauta ibwezeni ngati akuifuna, ndipo musunge lisiti. Chindapusa chikakhala chosamveka, dandaulani kaye kukampaniko mwa kalata, ndipo zikakanika pitani ku National Consumer Commission, bungwe loteteza ogula, kapena ku ICASA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, mutanyamula maimelo anu onse.