Musanagule rauta yatsopano yesani kaye izi

WiFi ikayamba kukoka kunyumba ambiri timangoti rauta yakalamba, tikagule ya WiFi 6, mtundu watsopanoko wa WiFi. Dikirani kaye. Rauta sipanga intaneti, imangogawa yomwe yabwera kuchokera ku Airtel, TNM, Starlink kaya kulikonse komwe mumalipira, ndiye ngati ikulowa ndi ya 10 Mbps (muyeso wa liwiro la intaneti) olo mugule rauta yodula bwanji mupezabe 10 yemweyo basi. Zili ngati kusintha mpopi pomwe madzi akubwera ochepa mu paipi.

Pangani chonchi. Imani pafupi ndi rauta, tsegulani fast.com kapena Speedtest pafoni kuti muyeze liwiro la intaneti, sungani nambala yomwe yatuluka. Kenako pitani kuchipinda komwe kumavuta kuja mukayesenso.

Ngati konse kuwiri nambala ndi yochepa, nthawi zambiri vuto si WiFi ayi, ndi netiweki yomwe ikulowa. Rauta ya 4G isunthireni pawindo, muyesenso m'mawa ndi madzulo chifukwa madzulo aliyense amakhala pa intaneti ndiye imatsika ndithu. Koma ngati pafupi ikuthamanga, kuchipinda nkumafa, ndi makoma amenewo. Rautayo ichotseni kuseri kwa TV, muyiike pamwamba chapakati pa nyumba, zaulere izi. Muonenso ngati ili ndi masiginolo awiri, ya 2.4GHz ndi ya 5GHz, ya 5GHz imathamanga koma sipita patali, ya 2.4 ndi yochedwerapo koma imadutsa bwino makoma a njerwa, ndiye TV yapafupi ikani pa 5, foni yakuchipinda pa 2.4.

Nanga kugula kumathandiza liti? Rauta yanu ikakhala ya WiFi 4, ya 2009 ija, makamaka ngati ili ndi 2.4 yokha, kapena mwaika fayiba kaya Starlink yopitilira 100 Mbps pomwe mapoti olowetsamo waya a rauta amathera pa 100, apo gulani osachedwa. WiFi 5 imakwana nyumba zambiri. WiFi 6 ya 2019 phindu lake limaoneka mafoni akachuluka, monga muli ndi ana, alendo ndi aneba omwe anapempha pasiwedi tsiku limodzi mpaka lero, komanso foni yanu iyenera kukhala ya WiFi 6 apo ayi mwangotaya ndalama. WiFi 7 ya 2024 isiyeni kaye, Netflix ya 4K imangofuna 15 Mbps.

China, ngati mumagula bandulo samalani, intaneti ikathamanga YouTube imakweza yokha kwalite ya vidiyo ndipo data imatha msanga. Lowani mu settings muyiike pa 480p kapena 720p.